Dothi, mapesi ndi mawaya: magalimoto opangidwa m'midzi ya ku Lilongwe

Msewu wa M12 ukachoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji umadutsa pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete. Pafupifupi chilichonse cha matayala chimene chayendapo pamsewuwu m'zaka 100 zapitazi chinapangidwanso kachiwiri m'midzi ya m'mbali mwake, chaching'ono, ndi manja a anthu amene mwina sanachikwerepo. Malole a fodya, mathirakitala, mabasi, ngakhale sitima ya pamtunda imene inayamba kudutsa kuno njanji ya ku Mchinji itatha mu 1980, zonsezi zinakhalapo ndi tiana take ta dothi, ta mapesi kapena ta mawaya.

Luso limeneli linayambira kudambo, galimoto isanabwere. Chigwa cha Lilongwe chili ndi madambo ambiri, ndipo anyamata oweta ng'ombe ankaswera kumeneko tsiku lonse. Ng'ombe zikamadya, iwo ankatapa dothi la makande kapena la pachulu, kulikanya mpaka lileke kumata m'manja, n'kuumba nkhunzi ya linunda lonenepa. Nyanga zinali minga ya mthethe. Mnyamata wodziwa ankayanika nkhunzi yake pamthunzi kuti isang'aluke, ndipo ikauma ankaimenyanitsa ndi ya mnzake: yothyoka nyanga kapena khosi ndiyo yagonja. Atsikana nawo, ataonerera amayi awo akuumba mbiya, ankaumba timiphika ndi ana adothi oti akabereke kumasanje.

Chimanga chikakololedwa inkabwera nyengo ya mapesi. Apa m'pamene pali nzeru yoyenera kuiyang'anitsitsa. Khungu la phesi louma limasendeka kukhala timizere tolimba ndi tosongoka, pamene mtima wake ndi wofewa. Mmisiri amadula mtimawo tizidutswa, n'kubayamo timizere tija, ndipo ziwirizi zimagwirana zokha popanda msomali, ulusi kapena guluu. Akafuna kusintha amazula kamzere n'kukabaya pena. Mwa njira imeneyi ana ankamanga magalasi a m'maso, nyumba, wailesi ya mlongoti wake, njinga ndi ndege.

Magalimoto anayamba kuchuluka m'dera lino chifukwa cha fodya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, A. F. Barron ndi R. W. Wallace anatsegula esiteti ya Mbabzi n'kuyamba kulimbikitsa alimi a m'midzi kulima fodya wochiza ndi utsi. Ulimiwu unafalikira mofulumira kotero kuti mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti liziyang'anira malondawo. Misika ya fodya inabweretsa malole, ndipo mwana amene anali atangoumbapo ng'ombe anaona chinthu chatsopano choti aumbe. Kenaka mu 1968 inayamba Lilongwe Land Development Programme, ntchito ya chitukuko imene inalandira ndalama za World Bank, ndipo inalambula misewu ya fumbi, inakumba mijigo ndi kumanga misika m'midzi yambiri ya chigwachi. Magiredala ndi mathirakitala anafika kumene kale kunkafika njinga yokha. Ngolo zinachuluka, ndipo ng'ombe zadothi zija zinayamba kuvekedwa goli la kamtengo n'kukoka kangolo ka chitini cha nsomba. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, pamsewu panadzaza zoti n'kuonera.

Magalimoto amenewa anabweranso ndi zopangira. Mipanda ya m'maesiteti, matayala otha amene akatenthedwa amasiya mkombero wa mawaya, machubu oboola a njinga, zitini za polishi, zitsekerero za mabotolo: zimene akuluakulu ankataya, ana ankatola. Sizinali zonse zotola, n'zoona. Mipanda ina inkacheperachepera usiku, ndipo anyamata ena analawa chikwapu chifukwa cha waya.

Galimoto ya mawaya imayamba ndi kuwongola. Waya amamenyedwa ndi mwala pa mwala wina mpaka makwinya onse atha. Waya wonenepa ndi wa chimango, ndipo amapindidwa pozunguliza pa msomali kapena pa nthambi ngati pulayala palibe. Polumikiza sawotcherera, amakulunga ndi waya wopyapyala wa kopa kapena ndi mphira yodulidwa ku chubu, yomwe ija ya legeni. Matayala amazunguliza pa botolo kuti akhale ofanana, kapena amasema kuchokera ku patapata wakale. Povuta penipeni ndi kutsogolo. Ekiselo iyenera kukhota, ndiye imamangidwa pa kamsomali kapakati n'kulumikizidwa ku waya wautali wofika m'chiuno mwa mwini wake, umene kumapeto kwake wapindidwa kukhala chiwongolero. Akapotoza dzanja, matayala akutsogolo amamvera. Akatswiri amawonjeza masipuling'i kuti galimoto izinyuma pa mabampu, zitseko zotseguka, ngakhale nyale ya tochi yoyaka ndi mabatire otha ntchito mu wailesi. Mwana wa zaka 10 amene wachita zonsezi wamvetsa kale zimene amakanika amaphunzitsa anyamata awo pagalaja, ngakhale kuti sanatsegulepo buku la sayansi.

Kumaiko a ku Ulaya ndi ku America, chilakolako chomwechi chofuna kumanga dziko laling'ono ndi manja chinapeza njira ina. Ole Kirk Christiansen anali kalipentala wa m'tauni ya Billund ku Denmark, ndipo mu 1932, ntchito ya matabwa itasowa, anayamba kusema zoseweretsa. Kampani yake ya LEGO inayamba kupanga tinjerwa ta pulasitiki mu 1949, ndipo mu 1958 inalembetsa kapangidwe ka tinjerwa tokhala ndi timitu pamwamba ndi timapaipi pansi, totsekerana molimba koma tosavuta kumasula. Kanjerwa ka chaka chimenecho kamalowabe pa kanjerwa ka lero. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa omanga otchuka masiku ano ndi anthu a ndevu zawo. Amasiya malangizo a m'bokosi n'kumanga za m'mutu mwawo: masitima, matchalitchi, mizinda yathunthu, ndipo amasonkhana m'maholo kuonetsana. Nathan Sawaya anasiya ntchito ya uloya ku New York mu 2004 kuti azingomanga ziboliboli za tinjerwati, ndipo zionetsero zake zayenda m'maiko ambiri. Kampaniyo ili ndi dongosolo la LEGO Ideas, lakuti chomanga cha munthu wamba chikavomerezedwa ndi anthu 10,000 chimaganiziridwa kuti chipangidwe n'kugulitsidwa m'masitolo.

Kusiyana kwake kuli poyambira. Womanga wa ku Billund amalandira njerwa yokonzeka kale, yoyezedwa ndi makina. Wa ku Nsaru kapena ku Kabudula ayenera kuyamba wasaka waya, kuuwongola, kudula mphira, ndiyeno n'kuyamba kumanga. Ntchito yake ndi yowirikiza, koma ulemu wake ndi wochepa. Kuno munthu wamkulu akapezeka akupinda mawaya pakhonde amafunsidwa ngati kumunda kwatha ntchito.

Komabe akuluakulu sanasiye. Anangosamutsa lusolo. Ena analitengera ku shedi ya njinga, ena kwa owotcherera ngolo ndi mafelemu a mawindo pa Namitete ndi pa Nsaru, ena kwa okhoma zidebe ndi mbaula. Ena analisandutsa malonda osabisa. Pamsika wa ziboliboli wa pafupi ndi positi ofesi ku Old Town mu Lilongwe pakhala pakugulitsidwa njinga za mawaya zokhala ndi munthu amene miyendo yake imapalasa ukamakankha. Pamsewu wotsetsereka kuchoka ku Dedza kupita ku Golomoti, amuna aakulu amasema ma Land Rover, njinga zamoto ndi ndege za matabwa, zokhala ndi tayala la sipeya ndi katundu padenga, n'kuziyala m'mbali mwa msewu. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town, zopangidwa ndi mawaya ndi mikanda zimagulitsidwa pa marobotsi, ndipo ambiri mwa amisiri ake ndi anthu obwera kuchokera kumaiko a kumpoto kwa Limpopo.

Pali malo enanso amene galimoto inalowa, ndipo ayenera kutchulidwa mwaulemu. Dera la Lilongwe ndi kwawo kwa gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005. Pakati pa zilombo zikuluzikulu zotuluka pabwalo, monga kasiyamaliro, chimkoko ndi njovu, palinso chilombo cha maonekedwe a galimoto. Za kudambwe sakamba pamsewu, ndipo nkhani ino siyilowako. Chooneka ndi maso pabwalo n'chokwanira kusonyeza kuti Achewa anachiyang'anitsitsa chinthu chachilendochi mpaka kuchipatsa malo m'mwambo wawo. Ofuna kudziwa zambiri amapita ku Chamare Museum ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni Centre mu 1976.

Dziko lakunja linadziwa za galimoto ya mawaya ya ku Malawi kudzera m'buku la ana. Karen Lynn Williams, mayi wa ku America amene anakhalapo m'dziko muno, anatulutsa buku lotchedwa Galimoto mu 1990, lojambulidwa ndi Catherine Stock. Limasimba za mnyamata Kondi amene akuyendayenda tsiku lonse kusaka mawaya, ndipo lawerengedwa m'masukulu ambiri ku America. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anamanga makina a mphepo opanga magetsi ali ndi zaka 14, anasimbanso m'buku lake la mu 2009 kuti iye ndi anzake ankapanga malole ndi mapaketi otha a Chibuku, matayala ake zitsekerero za mabotolo. Manja amene anapinda paipi ya pulasitiki kukhala mapiko a makinawo anali atazolowera kale kuona chida m'chinthu chotayidwa.

Lero pa tsiku la msika ku Nambuma kapena ku Mpingu pamayalidwa timagalimoto ta pulasitiki tochokera ku China, totsika mtengo ndiponso tosachedwa kuthyoka. Waya nayenso wasowa, chifukwa ogula zitsulo zakale amayenda ndi sikelo mudzi ndi mudzi, ndipo chimene chinali cha ana chili ndi mtengo pa kilogalamu. Ana atembenukira ku mabotolo a mafuta ophikira, zigubu ndi mapaketi a mkaka. Zimene akupanga zasinthanso: njinga yamoto ya kabaza yokhala ndi mpando wa wokwera, minibasi ya kondakitala wolendewera pakhomo, lole yaitali ya mafuta yopita ku Chipata. M'sukulu za pulayimale phunziro la Expressive Arts limawapempha kupanga zinthu ndi zopezeka kwawo, ndipo mphunzitsi wochenjera amaitana bambo wa m'mudzi momwemo, amene anali katswiri wa mawaya m'zaka za m'ma 1980, kuti adzaonetse ana mmene ekiselo yokhota imamangidwira.