Nkhata, Lole ndi Mano a Tayala: Mmene Katundu Wayendera M'mapiri a Dedza

Msewu wa M1 ukadutsa pa Linthipe kulowera kummwera umayamba kukwera, ndipo sulekeza mpaka pa Boma la Dedza, tauni yomwe ili pamwamba kuposa ina iliyonse m'Malawi, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Phiri la Dedza lenilenilo limafika mamita 2,198. Woyenda pa tala angaganize kuti za mayendedwe kuno zinatheka kale. Koma mbatatesi, kabichi, nyemba ndi tomato zomwe zimadzaza misika ya Lilongwe ndi Blantyre sizimera m'mbali mwa tala. Zimamera kuseri kwa zitunda, m'madimba a ku Bembeke, kwa Kasumbu ndi kwa Kaphuka, komwe msewu ndi katondo wofiira, woterera mvula ikangowaza, kapena makande omata omwe amameza gudumu mpaka pa ekiselo. Mwini pikapu wa ku Dedza akamasankha matayala saganizira makilomita 85 a tala opita ku Lilongwe. Mtima wake umakhala pa makilomita khumi omaliza.

Vuto la makilomita omalizawa ndi lakale kuposa galimoto. Atsamunda atakhazikitsa ulamuliro wawo m'dera lino, atagonjetsa Inkosi Gomani woyamba mu 1896, katundu yense ankayenda pamutu. Amtengatenga ankapinda nkhata n'kusenza mitolo ya nsalu, mchere, malata ndi makalata, pomwe bwana mwiniwake ankagona m'machila, anyamata akusinthana mapewa. Ansembe a White Fathers atatsegula mishoni ya Mua mu 1902 pansi pa phiri, kenako ya Bembeke mu 1910 pamwamba pozizira, njira yolumikiza malo awiriwa inali ya miyendo, yokwera mwala ndi mwala. Ng'ombe zokoka ngolo sizikanathandiza kwenikweni kumunsi kunyanja chifukwa cha kashembe. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafinya anthu koposa: amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi yomweyo dziko lino linkagulitsa kunja chinthu chomwe matayala ankapangira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anthu ankatema mitengo yoyanga ya m'nkhalango n'kutolera utomoni wake, amalonda n'kuutumiza ku Ulaya, mpaka mitengoyo inatsala pang'ono kutha. Kampani ya Mandala inadzala mitengo ya raba ku Vizara, ku Nkhata Bay, komwe idakalipo mpaka lero. Msika wa raba unakula chifukwa John Boyd Dunlop anali atapanga tayala lopopa mu 1888 ku Belfast, poyamba la njinga, kenako ena n'kulipititsa pa galimoto. Raba ankatuluka m'dziko pamutu pa munthu wopanda nsapato.

Malole anayamba kulanda ntchito ya amtengatenga m'zaka za m'ma 1920, fodya wa chikopa atafala m'zigwa za Lilongwe ndi Dowa. Fodyayo ankayenera kutsikira ku Limbe, ndipo njira yake inali yodzera pa Dedza ndi Ntcheu. Msewu unali wadothi, wolimidwa ndi makasu a anthu a m'midzi, milatho yambiri ili ya mitengo. Matayala a nthawi imeneyo anali opyapyala, a chubu, ena olimba opanda mpweya n'komwe, ndipo dzinja likafika dalaivala ankadalira matcheni okulunga pa gudumu, nthambi zoyala m'matope ndi mapewa a aliyense amene wapezeka pafupi. Njanji itafika ku Salima mu 1935, kudzera pa Golomoti ndi Mtakataka, inapepuza anthu a kumunsi kunyanja, koma a kumtunda inawasiya pomwe anali. Pakati pawo ndi sitima panali chiphedi cha Khwekhwelere, chomwe msewu wake wokhotakhota unakhala wa miyala ndi fumbi mpaka zaka za m'ma 2000. Lero pamakona ake pamagulitsidwa timagalimoto ndi tinjinga tosema ndi mitengo, ndipo amisiri ake saiwala kusema mano a matayala.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha zinthu ziwiri zinasintha ku Ulaya zomwe zinadzafika kuno mochedwerapo. Mu 1946 kampani ya Michelin inalembetsa tayala la mtundu wa radial, lomwe ulusi wake umayalidwa mopingasa ndipo pansi pa mano pamakhala lamba wa waya. Limeneli limatentha pang'ono, limakhalitsa komanso silidya mafuta ambiri. Mu 1948 kunabadwa Land Rover, yomwe inadzakhala galimoto ya DC, ya wansembe, ya dokotala wa ziweto ndi ya a zankhalango a ku Chongoni. Komabe m'misewu ya kumidzi ambiri anakakamira tayala lakale la ulusi wolukana, chifukwa m'mbali mwake munali molimba, chitsa kapena mwala wakuthwa sizinkaling'amba msanga, ndipo likaphulika womata aliyense ankatha kuika chigamba pa chubu.

Tala wa msewu wa Zomba mpaka Lilongwe anamalizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, likulu la dziko lisanasamuke mu 1975. Apa m'pamene panabadwira mutu womwe ukuvutitsa eni mapikapu mpaka lero. Kale funso linali limodzi: kodi tayala ili lituluka m'matope? Tsopano galimoto yomweyo inayenera kutuluka m'dimba m'bandakucha, kenako kuthamanga pa tala wotentha itasenza matumba. Tayala la mano akuluakulu otalikirana, lomwe lero limalembedwa M/T, limakumba bwino matope, koma pa tala limalira, limadyeka msanga, limawonjezera mafuta, ndipo pa tala wonyowa siligwira bwino mabuleki. La mano ang'onoang'ono, la H/T, pa tala ndi labwino zedi, koma katondo akangodzaza m'mizere yake limangozungulira pamodzimodzi. La pakati, la A/T, linatchuka kampani ya BFGoodrich itatulutsa lake mu 1976 ku America, komwe ambiri ankalifunira masewera a m'chipululu. Ku Dedza lilibe chochita ndi masewera: ndi la munthu amene msewu wake ndi wa mitundu iwiri pa ulendo umodzi.

Pikapu yeniyeni inachuluka pang'onopang'ono. Panali Peugeot 404, Datsun, kenako Toyota Hilux yomwe inayamba kupangidwa mu 1968. Kuyambira cha m'ma 1986, nkhondo ya ku Mozambique itakula, anthu othawa kwawo ku Angonia anadzaza midzi ya m'malire a Dedza ndi Ntcheu, komwe M1 amayenda pa mzere wa malire weniweniwo, ndipo magalimoto a mabungwe othandiza ankalowa ndi ufa ndi nyemba m'tinjira tomwe kale tinkangodziwa ngolo. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, malonda a zamtengatenga anamasuka, mabasi akuluakulu anayamba kuthawa misewu ya kumidzi, ndipo matola anatenga malo. Pikapu ya tani imodzi inkachoka ku Mayani kapena ku Lobi itanyamula anthu, mbuzi, njinga ndi matumba otutumuka a mbatatesi osokerera pakamwa.

Katundu wotereyu ndiye amaulula chomwe ambiri amachinyalanyaza poyang'ana kukongola kwa mano. Zonse zofunika zinalembedwa m'mbali mwa tayala. Pa 265/65 R17, nambala yoyamba ndi m'lifupi mwake mu mamilimita, yachiwiri ndi msinkhu wa mbali yake poyerekeza ndi m'lifupimo, yomaliza ndi kukula kwa limu mu mainchi. Nambala yotsatira, monga 112, ikutanthauza kuti tayala limodzi lisapitirire makilogalamu 1,120. Zilembo za LT kapena C, komanso 8PR, zimasonyeza tayala lomangidwira katundu, la m'mbali molimba. Pali matayala ena a A/T omwe mano ake ndi aukali koma thupi lake ndi la galimoto yoyendera kutchalitchi, ndipo amenewa ndi amene amatupa chotupa m'mbali akagunda mwala wa ku Chongoni atalemedwa. Kupopa nako kuli ndi nzeru yake: kuphwetsako pang'ono mpweya kumathandiza m'matope ndi pa mabampu, koma kukwera pa tala ndi tayala lofewa lili ndi katundu n'kuliphika, ndipo limaphulika pa liwiro.

Kenako pali nkhani ya thumba. Matayala a pikapu amachokera kunja, ku South Africa, China, India ndi Japan, choncho kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake umalumpha. N'chifukwa chake malonda a matayala a kaunjika sakutha. Ogula ochenjera amafufuza manambala anayi omaliza pa chidindo cha DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala likhoza kukhala ndi mano onse koma raba wake atauma ndi ukalamba, ming'alu ili mbwee m'mbali. Ena amasema mano atsopano pa tayala lakutha ndi mpeni wotentha, ndipo kunena zoona ameneyo ndi malonda oika miyoyo ya anthu pachiswe, makamaka potsika Khwekhwelere kapena m'chifunga cha mwezi wa June pomwe dalaivala amaona ngolo atayandikira kale.

Likatheratu pa pikapu, tayala silitayidwa. Limapita pa ngolo, yomwe ekiselo yake nthawi zambiri imakhala ya galimoto yakufa, ndipo m'miyezi ya January ndi February, pikapu ikalephera kufika kumunda, ngolo yomweyo ndiyo imatulutsa mbatatesi kukafika nazo pamsewu. Likang'ambika pamenepo amisiri amalidula n'kusoka nkhwaira, waya wa m'mphepete n'kukhala womangira, pomwe chubu chimalezedwa kukhala mphira zomangira katundu pa njinga za kabaza ndi malegeni a ana osaka mbalame m'minda ya mapira.