MALAMULO AAKULU A DZIKO LATHU

Mudzi uli wonse uli ndi mwambo wake. Dziko nalonso lili ndi mwambo wake wolembedwa. M'Cipwitikizi amaucha Constituição. Ife timati Malamulo Aakulu, cifukwa malamulo ena onse amatsamira pa iwo.

Kodi amawalemba ndani?

Ku America anawalemba m'caka ca 1787. Amuna 55 anakumana mumzinda wa Philadelphia, nakambirana miyezi inayi. Koma pamsonkhanowo panalibe mkazi, panalibenso kapolo. Ukapolo unapitirira mpaka 1865. Amene palibe pabwalo, mlandu wake umaiwalika.

Kwathu kuno zinalinso conco. Pa nthawi ya Apwitikizi malamulo ankacokera ku Lisboa. Makolo athu a ku Furancungo ndi ku Tsangano sanafunsidwe kanthu. Ankangokhoma msonkho ndi kugwira cibalo.

Mu 1968 nkhondo ya ufulu inayaka mu Tete. Pa 20 Juni 1975 atsogoleri a FRELIMO anavomereza Malamulo Aakulu oyamba ku Tofo, ku Inhambane. Pa 25 Juni Samora Machel analengeza ufulu. Malamulowo anati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana, ndipo nthaka ndi ya Boma. Koma analola cipani cimodzi cokha.

Kenaka kunabuka nkhondo ya pacibale. Mu 1990 Pulezidenti Joaquim Chissano anapereka malamulo atsopano kwa anthu kuti awakambirane m'misonkhano. Ambiri a ife sitinalipo. Tinali titathawira ku Malawi, ku Ntcheu ndi ku Dedza. Malamulowo anayamba kugwira nchito pa 30 Novembala 1990. Analola zipani zambiri, nathetsa cilango ca imfa. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Tinabwerera kumabwinja athu, ndipo mu 1994 tinaponya voti.

Mu 2004 Nyumba ya Malamulo inavomereza Malamulo Aakulu acitatu. Iwo amati nthaka siigulitsidwa. Amatinso zilankhulo zathu, monga Cinyanja, ndi cuma ca dziko.

Nkhani ya nthaka imatikhudza tonse. Ku Tsangano timalima mbatatesi ndi tirigu. Ku Macanga timalima cimanga ndi fodya. Lamulo la nthaka la 1997 linavomereza kuti wolima munda mwa mwambo wa makolo ali ndi ufulu wougwiritsa nchito, ngakhale palibe pepala. Linavomerezanso umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi. Koma munthu akabwera ndi kalata yofuna munda wathu, tidzadziwa bwanji zimene zalembedwamo? Wosadziwa kuwerenga amadinda cala pa mau amene sanawaone.

Makolo athu sanafunsidwe. Mu 1990 nkhondo inatitsekereza. Tsopano tiphunzire kuwerenga, kuti malamulo akamakambidwanso, ifenso tikhale pabwalo.

Mafunso

1. Ndani sanalipo pamsonkhano wa ku Philadelphia?
2. Malamulo a 1990 anasintha ciani?
3. Kodi wolima munda wopanda pepala ali ndi ufulu wougwiritsa nchito?