Kucotsedwa nchito kwa akatswiri a makompyuta ku America

Nchito za makompyuta, monga kulemba mapulogalamu ndi kusamalira makina a intaneti, ndi zina mwa nchito za malipiro apamwamba m'dziko la United States. Koma mbiri ionetsa kuti nchitozi zimatha msanga pamene cuma ca makampani ciyamba kugwedezeka.

Vutoli linaoneka kwambiri kuyambira mu 2000, pamene makampani ambiri a pa intaneti amene sanali kupeza phindu anagwa. Pakati pa March 2000 ndi October 2002, mtengo wa masheya pa msika wa Nasdaq unatsika ndi maperesenti pafupifupi 78, ndipo anchito zikwizikwi anatsala manja ali m'khosi.

Zotere zinacitikanso patapita zaka 20. M'nthawi ya mliri wa Covid-19 anthu anali kugula zinthu, kuphunzira ndi kugwira nchito ali kunyumba, motero makampani analemba anchito oculuka. Kampani ya Meta, imene ndi mwini wa Facebook, inali ndi anchito pafupifupi 45,000 kumapeto kwa 2019, koma pofika September 2022 anapitirira 87,000. Mliri utacepa, malonda sanakule monga momwe eni makampani anali kuyembekezera. Kuonjezera apo, banki yaikulu ya dzikolo inayamba kukweza ciwongoladzanja mu March 2022, ndipo ngongole zinakwera mtengo.

Mu November 2022 Meta inacotsa anchito 11,000, ndipo Twitter, itagulidwa ndi a Elon Musk, inacotsa pafupifupi theka la anchito ake. Mu January 2023 Amazon inalengeza kuti icotsa anthu 18,000, Google 12,000, ndipo Microsoft 10,000.

Malamulo a dzikolo sateteza kwenikweni wanchito. Pafupifupi m'zigawo zonse, wolemba nchito angacotse munthu popanda kupereka cifukwa, malinga ngati sanacite tsankho kapena kuphwanya lamulo lina. Lamulo la WARN la mu 1988 limangolamula makampani a anchito 100 kapena kuposerapo kupereka cenjezo la masiku 60 asanacotse anthu ambiri nthawi imodzi.

Amene amavutika koposa ndi alendo ogwira nchito ndi cilolezo ca H-1B, amene ambiri a iwo ndi ocokera ku India. Cilolezoci cimadalira kampani imene inawalemba, conco nchito ikatha amakhala ndi nthawi yocepa yopeza wowalemba wina. Akalephera, afunika kucoka m'dzikolo pamodzi ndi mabanja awo.

Nkhawa ina yabwera ndi mapulogalamu a AI, amene amatha kucita zina mwa nchito za anthu. Mu May 2023 mkulu wa kampani ya IBM, a Arvind Krishna, ananena kuti nchito za mu ofesi pafupifupi 7,800 pa kampaniyo zingatengedwe ndi makina otere m'zaka zisanu.