Za Cotupa ca m'Bere mwa Amai Osiya Kusamba

Pakati pathu ambiri ayesa kuti mai akasiya kusamba, bere lace latha nchito, ndipo palibenso cakulibvuta. Mbiri ya zipatala itiuza zina.

M'caka ca 1895, ku Glasgow, dokotala George Beatson analandira mai wa zaka 33 amene khansa ya m'bere inamkulira. Beatson anali atamva kuti alimi a maiko ena amacotsa timatumba ta mazira m'ng'ombe yobala catsopano, kuti mkaka usaphwe. Pamenepo anazindikira kuti bere limvera timatumbato, ngakhale tikhala patali nalo. Anacotsa timatumba ta maiyo, cotupa cinaphwa, ndipo anakhalanso ndi moyo pafupifupi zaka 4. Tiyamika dokotala amene sananyoze nzeru za oweta ng'ombe.

Koma nciani cimene cinali kucokera m'timatumbato kunka kubere? Yankho linacedwa kufikira 1929, pamene Edward Doisy ku America ndi Adolf Butenandt ku Germany anapatula timadzi toyenda m'mwazi, timene lero tichedwa esitrojeni. Ndi timeneti tikulitsa bere la namwali, ndipo zotupa zambiri za m'bere zikula nato.

Tsono panatsala funso lobvuta. Mai akasiya kusamba, timatumba ta mazira tileka kupanga timadziti. Nanga bwanji nthendayi icuruka mwa amai acikulire omwewo? M'caka ca 1973 Pentti Siiteri ndi anzace anaonetsa kuti thupi la mai wotere lipangabe timadziti, losanduliza timadzi tina ta m'mwazi, ndipo kunadziwika kuti nchitoyi icitika makamaka m'mafuta a thupi. Kasupe wamkuru waphwa, koma tizitsime tatsala, ndipo mwa mai wonenepa ticuruka.

M'caka ca 2002 ophunzira a ku Oxford anasonkhanitsa kafukufuku wa magulu 9 a amai osiya kusamba. Anapeza kuti amene anali nato tambiri koposa m'mwazi anagwidwa ndi khansayi pafupifupi kawiri kuposa amene anali nato tocepa koposa. Sikuti onse adzadwala ai, ambiri sadwala.

Nzeruyi inabala mankhwala. Tamoxifen, amene zotsatira zace zoyamba zinalengezedwa ku Manchester mu 1971, atsekereza timadziti kuti tisadyetse cotupa. Ena otsatira aletsa mafuta kutipanga. Mankhwalawa athandiza koposa kwa mai amene afika kucipatala kabulukutu kakali kakang'ono, ngakhale sikapweteka.