Kachubu ka Dr Bowie, ndi foni imene ndinalandira usiku

 Ndakhala chete nthawi yaitali, mundikhululukire. Kuchonga mapepala a Folomu 4 sikupereka mpata, ndipo netiweki ya kuno kwa Malemia mukuidziwa nokha.

Chandidzutsa ndi foni imene ndinalandira usiku wina miyezi ingapo yapitayo. Anaimba ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa kalekale, pano ndi namwino pa chipatala china chimene sinditchula. Mawu ake anali onjenjemera. "Aphunzitsi, ndadzibaya." Magetsi anali atazima, iye akutenga magazi a wodwala mounikira ndi tochi ya foni, ndipo pobwezera kachivindikiro pa singano anaphonya n'kudzilasa chala. Chimene ankaopa kwambiri sichinali kachilombo ayi, koma kukauza akuluakulu ake, kuti amuyesa wosasamala. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, dula foniyi upite pompano, za manyazi tikambirana mawa." Tulo sitinabwerenso. M'mutu mwanga munadzaza nkhani ya munthu wina amene anamwalira mu 1891.

Amene munakhalapo m'kalasi langa la mbiri mukukumbukira kuti mishoni ya Domasi inayamba mu 1884 ngati nthambi ya mishoni ya Blantyre ya Church of Scotland, m'dziko la mfumu ya Chiyao, Malemia. Amene anaiyendetsa zaka zoyambazo ndi Alexander Hetherwick. Domasi ndi Blantyre zinali ngati banja limodzi, ndipo maliro a uko anali maliro a kuno.

Ku Blantyre kunali dokotala, John Bowie, amene anasiya ntchito ku London kubwera kuno. Mlongo wake mmodzi anakwatiwa ndi David Clement Scott, yemwe anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels. Mlongo wake wina, Harriet, anakwatiwa ndi Henry Henderson, yemwe anasankha malo a mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo sukulu ya HHI imatchedwa dzina lake. Mu Januwale 1891 mwana wakhanda wa a Henderson anadwala difiteliya. Matendawa amayala kachikopa kotuwa kukhosi mpaka mpweya kusowa podutsa. Bowie anaboola pakhosi pa mwanayo n'kuikapo kachubu kopumira. Kachubuko katatsekeka, analibe chipangizo chokokera zotsekazo, ndiye anaikapo pakamwa pake n'kuyamwa. Mwanayo anamwalirabe. Kenako anadwala mayi ake, n'kumwalira. Kenako Bowie mwini. Henderson, atataya mwana, mkazi ndi mlamu m'masiku owerengeka, ananyamuka ulendo wa kwawo koma anakathera ku Quelimane chaka chomwecho.

Tsono apa ndi pamene ndimasiyana ndi mmene nkhaniyi imakambidwira paguwa. Timaikamba ngati nkhani ya chikondi basi, ndipo chikondi chinalipodi, anali mwana wa mlongo wake. Koma Bowie sanali mbuli. Joseph Lister anali atalemba kale mu 1867, ali ku Glasgow, za kupha tizilombo pa mabala. Friedrich Loeffler anali atakadzala kale kachilombo ka difiteliya mu labu mu 1884, chaka chomwe chija Domasi inayamba. Bowie ankadziwa chimene akuika pakamwa pake. Chimene chinamupha ndi kusowa kwa kachipangizo kakang'ono, komanso kusowa mankhwala amene anali pafupi kufika: Emil von Behring ndi Kitasato analengeza njira yawo yogonjetsera poizoni wa tizilombo mu Disembala 1890, mwezi umodzi wokha zisanachitike za ku Blantyre, ndipo pofika 1894 ana a ku Ulaya anayamba kuchira nayo. Ngakhale magolovesi a labala anali akungoyamba kumene ku Baltimore, kumene William Halsted anawaitanitsa pofuna kuteteza manja a namwino wake. Ndipo tiwerengere mtengo wake bwinobwino: dokotala mmodzi akafa m'dziko la madokotala owerengeka pa zala, odwala onse amene akanawaona mawa lake amatsala okha.

Zaka zinayi pambuyo pake, mu 1895, Kawinga wa ku Chikala anathira nkhondo anthu a Malemia pafupi ndi mishoni. Dokotala wina wa mishoni, William Affleck Scott, anatsagana ndi gulu limene linakamenyana naye, m'nyengo ya mvula, ndipo anabwerako wodwala malungo n'kumwalira chaka chomwecho. Ameneyo ndi wa tsiku lina.

Ndidumphe zaka zambiri ndifike pa zimene ndinaona ndi maso anga. Azakhali anga ankagwira ntchito yothandiza anamwino pa chipatala china chaching'ono m'zaka za m'ma 1980. Ndikapita kutchuthi ndinkawapeza m'mamawa akuwiritsa majekeseni agalasi ndi singano zake m'kapoto kachitsulo pa pulayimasi. Singano ikabuntha ankainola pa kamwala. Parafini akachepa ndipo mzere wa odwala wafika pa mtengo wa mango, madzi aja sankawira nthawi yokwanira, ndipo aliyense ankadziwa koma panalibe wonena. Magolovesi ankawachapa n'kuwayanika pa chingwe ngati masokosi. Ife ana tinkaba otha ntchito n'kumawauzira ngati mabaluni, taonani umbuli wake! Munthu woyamba kupezeka ndi HIV m'Malawi anapezeka mu 1985, koma nthawi ya Kamuzu nkhani yotere sinkakambidwa poyera, ndipo anthu ngati azakhali anga anapitiriza kutola singano ndi manja kwa zaka ndithu asanauzidwe bwino chimene chingakhalemo.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono, ndipo kwambiri kunabwera kudzera m'zinthu zooneka zachabechabe. Mu 1999 mabungwe a WHO, UNICEF ndi UNFPA anagwirizana kuti katemera aziperekedwa ndi jekeseni wodzitseka yekha akagwira ntchito kamodzi, woti ngakhale utafuna kubwereza sungathe. Kunabwera kabokosi kachikasu ka katoni koponyamo singano. Mu 2002 ana athu anayamba kulandira katemera mmodzi woteteza matenda asanu, difiteliya ili momwemo, pa masabata 6, 10 ndi 14. Mayi aliyense amene amakhala pa mzere wa sikelo ku Domasi kapena ku St Luke's ku Malosa amatengera mwana wake chimene banja la Henderson linasowa, ndipo ambiri dzina la matendawo sanalimvepo. Bungwe loona za magazi la Malawi Blood Transfusion Service linakhazikitsidwa mu 2003. Ma ARV aulere anayamba mu 2004. Ndipo pali mankhwala aja a PEP, amene munthu wodzibaya ayenera kuyamba kumwa asanathe maola 72, makamaka m'maola oyambirira, n'kumwa masiku 28 osadumpha.

Musaganize kuti za Bowie zinatha. Covid-19 itafika mu Epulo 2020, ogwira ntchito zachipatala ku Blantyre ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera, ndipo ndinamva anthu ena m'minibasi akuwanyoza kuti alibe chifundo. Ine ndinali kumbali yawo. Mu Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo nyumba ya boma ya ku Zomba inasanduka chipatala. Kolera imene inayambira kwa anansi athu ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo zida zazikulu zolimbana nayo zinali chidebe cha mpopi, sopo ndi kolorini, kolorini yemweyo amene Ignaz Semmelweis ankakakamiza madokotala anzake ku Vienna kusambira m'manja mu 1847 iwo n'kumamuda naye. Ndimakayikira kwambiri ndikamva akuluakulu akutchula anamwino kuti ngwazi. Nthawi zambiri mawu amenewo amatuluka pamene katoni ya magolovesi sinafike.

Za mwana wanga uja: anapita usiku womwewo. Mkulu amene ankamuopa sanamukalipire n'komwe, anangomuonetsa chipsera pa chala chake cha iye mwini n'kumulembera mankhwala. Masabata awiri oyamba anavutika ndi nseru, ankandiimbira kuti akufuna kusiya, ine n'kumamuwerengera masiku otsala monga tinkawerengera masiku a mayeso a MSCE. Anamaliza onse 28, anayezetsa pa nthawi zonse zimene anamuuza, ndipo ali bwino. Sabata yatha anabwera kudzaona makolo ake, anandipeza ndikupalira chinangwa kuseri kwa nyumba. Akuti singano sabwezeranso pa chivindikiro, kabokosi kachikasu amakaika pomwe dzanja lake lifika, ndipo pa malipiro a mwezi watha anagula tochi yovala pamutu ku msika wa Zomba. Ndamupempha kuti teremu ikubwerayi adzayankhule ndi a Folomu 3 anga, pakuti theka la atsikana m'kalasimo akuti akufuna unamwino. Wavomera, koma akuti ndisadzamutchule kuti ankagona m'phunziro la mbiri.