Mpeni umene tinaufukula m'munda kwa Kaphuka

Sabata ino tikuuzeni za kanthu kakang'ono kamene kanatikanganitsa masiku atatu. Tikugalauza munda wa kachewere kwa Mfumu Yaikulu Kaphuka, pamalo pamene kale panali nyumba, khasu linagunda kachitsulo kadzimbiri kotalika ngati chikhatho. Titakasasa dothi tinaona kuti ndi mpeni wopinda. Chigwiriro chake cha mtengo chinali chitadyeka pafupifupi chonse, koma kumsana kwake kunatsala kamphete kachitsulo.

Agogo ena anati ndi wa nthawi ya nkhondo za Angoni. Anzathu ena, maso ali pa ndalama, anafuna kuukwecha ndi mchenga kuti uwale, akaugulitse kwa alendo odzaona zojambula za m'mapanga a Chongoni. Mwayi wake tinawaletsa, pakuti mchenga ukanafafaniza malemba amene anatiuza zoona.

Mipeni ya makolo athu sinali yopinda. Osula zitsulo ankasongola mchira wa mpeni n'kuukhomera m'chigwiriro, monga achitira ndi khasu. Mpeni wokhala ndi msomali wozungulirapo ndi chitsulo chokankha kumsana ndi ntchito ya kufakitale. Choncho tinauviika m'mafuta usiku wonse, n'kuupukuta pang'onopang'ono ndi kansalu. M'mawa mwake panaoneka chithunzi cha kanyama ka khosi lalitaliko, ndi mawu akuti Germany.

Kanyamako ndi okapi, nyama ya m'nkhalango za ku Congo, m'bale wake wa kadyansonga. Mipeni ya dzina limeneli anayamba kuipanga mumzinda wa Solingen ku Germany m'chaka cha 1902, makamaka kuti aziigulitsa ku Africa. Kamphete kaja ndi kachinsinsi kake: mpeni ukatseguka umakola, ndipo supindikanso mpaka utakoka mpheteyo. Mu 1988 dzina ndi makina ake zinagulitsidwa ku South Africa, ndipo kuyambira pamenepo mipeniyi imalembedwa dzina la dziko limenelo. Wathuwu tsono unapangidwa pakati pa 1902 ndi 1988. Nkhondo za Angoni zinali zitatha kale, poti Inkosi Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a Angelezi mu 1896.

Agogo aja sanakondwe nazo. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, “Ana inu, pamalo amenewo panali nyumba ya achimwene anga, amene anapita ku Joni katatu.” Apa m'pamene nkhani inasintha.

Kwa zaka zambiri bungwe la WNLA, limene anthu ankalitcha Wenela, linkalemba amuna a dziko lino kukagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 anali kumeneko. Pobwerera ankanyamula sutikesi, mabulangete, njinga, wailesi, ndipo m'thumba la jekete simunkasowa okapi. Ku Joni mpeniwu unali ndi mbiri yoipa chifukwa atsotsi ankabayira nawo anthu, koma kuno kumudzi unkasenda mbuzi, kusema mipini ndi kudula nzimbe. M'masitolo a amwenye paboma unkapezekanso, komatu wobwera nawo yekha kuchokera kumigodi ankautulutsa pagulu mosafulumira, kuti aliyense auone.

Ulendowo unali ndi mtengo wake. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 obwerera kwawo anafa. Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito. Mu 1977 kunayambiranso, koma mochepa, pansi pa dzina la TEBA, limene ife timati Theba, mpaka kunalekeka mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Ena sanabwerere konse, ndiwo machona amene maina awo timawamva pa maliro okha.

Achimwene a agogo aja anabwerera ulendo wachitatu akutsokomola, ndipo sanalimenso dzinja lachiwiri. Agogowo anapempha mpeniwo, anayesa kukoka mphete ndi chala chawo chonjenjemera, koma dzimbiri linakana. Anaukulunga m'kansalu kathu kamafuta kaja n'kulowa nawo m'nyumba.