Jamu anawina, zithunzi zinabwerera kunyumba: mbiri ya Agogo Moses

M'zaka za m'ma 1930, m'katauni ka Cambridge m'chigawo cha New York ku America, munachitika chionetsero cha zaulimi. Agogo ena amasiye, a zaka zopitirira 70, anapita kumeneko atanyamula katundu wamitundu iwiri: mabotolo a jamu ndi zipatso, komanso zithunzi zingapo zomwe anapenta okha. Oweruza analawa jamu uja n'kuwapatsa mphoto. Zithunzi zija sizinapate kanthu. Anazinyamula n'kubwerera nazo kwawo.

Agogo amenewa dzina lawo linali Anna Mary Robertson Moses, koma dziko linawadziwa kuti Grandma Moses, kapena tinene kuti Agogo Moses. Mwina munawaonapo pa Facebook kapena pa status ya mnzanu pa WhatsApp: nkhalamba yovala magalasi, pansi pake mawu oti anayamba kujambula ali ndi zaka 78, choncho nawenso usataye mtima. Si bodza kwenikweni, koma ndi nkhani yodula mutu ndi miyendo. Ukaiwerenga yonse umapeza kuti manja awo sanadzuke mwadzidzidzi pa zaka 78. Anali atagwira ntchito yokongoletsa nyumba ndi kupangira abale mphatso kwa zaka zambirimbiri, kungoti panalibe woitchula kuti luso.

Mtsikana wantchito

Anna Mary anabadwa pa 7 Sepitembala 1860 ku Greenwich, m'chigawo chomwecho cha New York, wachitatu m'banja la ana khumi. Apo n'kuti ukapolo usanathetsedwe ku America, ndipo Abraham Lincoln anali asanasankhidwe kukhala pulezidenti. Bambo awo anali mlimi. Ankagulira ana awo mapepala oyera otchipa kuti azijambulapo, ndipo popeza penti kunalibe, Anna Mary ankafinya zipatso monga mphesa kuti apeze mitundu. Sukulu anangoilawa pang'ono. Atafika zaka 12 anachoka pakhomo kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa mabanja opezako bwino: kuphika, kuchapa, kusoka, kusamalira odwala. Ntchito imeneyi anaigwira zaka 15.

Mu 1887, ali ndi zaka 27, anakwatiwa ndi Thomas Moses, yemwe naye anali wantchito pafamu. Anasamukira kumwera, m'chigwa cha Shenandoah ku Virginia, komwe ankachita lendi mafamu a eni mpaka anadzagula yawo. Anna Mary anagula ng'ombe ndi ndalama zomwe anasunga okha, n'kuyamba kupanga batala wogulitsa. Kenako ankakazinganso tchipisi cha mbatatesi n'kumagulitsa. Kumeneko anabereka ana khumi, ndipo asanu anamwalira ali makanda. Mu 1905 banjali linabwerera ku New York n'kukhazikika pafamu ya ku Eagle Bridge, pafupi ndi komwe Anna Mary anabadwira.

Tangoganizani moyo umenewo. Nthawi yokhala pansi n'kumapenta mitengo ndi mapiri ikanachokera kuti? Komabe luso linkatulukira m'ming'alu. Ankasoka mabulangeti a zigamba, ankapanga zidole, ankakongoletsa ziwiya. Mu 1918 akumata mapepala okongoletsa khoma pabalaza, mapepala aja anawathera asanamate thabwa lotsekera pamalo osonkhapo moto. M'malo modandaula, anatenga penti ya nyumba n'kujambulapo mitengo ndi madzi. Thabwa limenelo lilipo mpaka lero, ndipo limawerengedwa ngati chithunzi chawo chachikulu choyamba. Iwo sankaliona choncho. Ankangofuna kuti pabalaza pasaoneke pogomera.

Singano itakana, burashi inalowa m'malo

A Thomas anamwalira mu 1927 ndi matenda a mtima. Ana anali atakula, ntchito ya pafamu inayamba kupita m'manja mwa achinyamata, ndipo kwa nthawi yoyamba mayiwa anapezeka ndi maola opanda chochita. Cha m'ma 1932 anapita ku Bennington, m'chigawo cha Vermont, kukadwazika mwana wawo wamkazi Anna yemwe ankadwala chifuwa chachikulu. Mwanayu ndiye anawalimbikitsa kuti ayese kusoka chithunzi pa nsalu ndi ulusi wa ubweya. Anayesa, chinakoma, ndipo anapitiriza. Anna atamwalira, agogowa anatsala kumeneko kwa kanthawi akulera adzukulu awo.

Zithunzi za ulusizo zinali mphatso za ana, adzukulu ndi anzawo. Ichi n'chimene ma status aja amasiya: ntchito imene inadzatchuka dziko lonse inayambira m'nyumba ya matenda ndi maliro, ndipo oyamba kuiona anali ana aang'ono.

Kenako nyamakazi inagwira zala. Kugwira singano kunasanduka chilango. Mng'ono wawo Celestia ndiye anawauza kuti bwanji osayesa burashi, poti siifuna kukanikiza zala ngati singano. Anayamba ndi zomwe zinali pakhomo: penti yotsala ya nyumba, maburashi akale, timitengo ta machesi ndi mapini pojambula tinthu ting'onoting'ono ngati maso. Ankapenta pa matabwa opyapyala a fakitale, atayamba awapaka penti yoyera. Chithunzi ankachiyambira kumwamba: thambo kaye, kenako mapiri, kenako nyumba ndi ng'ombe, anthu pomaliza. Akafuna hatchi kapena munthu wothamanga, ankadula zithunzi m'magazini ndi m'makadi akale n'kukopera maonekedwe ake. Pa chipale chofewa ankawazapo tinthu tonyezimira. Ena odziwa za luso ankati zimenezo n'zachibwana, koma iwo sanasiye, poti ankadziwa mmene chipale chimanyezimira dzuwa likawala.

Mlendo pa sitolo ya mankhwala

Mu 1938 munthu wina wa mumzinda wa New York, injiniya wokonda kutolera zojambula dzina lake Louis Caldor, ankadutsa m'tauni ya Hoosick Falls. Pa windo la sitolo ya mankhwala anaona zithunzi za agogowa, zomwe mitengo yake inali pakati pa madola atatu ndi asanu. Anagula zonse, n'kufunsa komwe wojambulayo amakhala. Atafika pafamu sanawapeze, koma mpongozi wawo anamuuza kuti abwerenso mawa, pali zina pafupifupi khumi. Agogo atabwera n'kuwerenga anapeza kuti sizikukwana. Mukudziwa zomwe anachita? Anatenga chithunzi chimodzi chachikulu n'kuchidula pakati kuti zikhale ziwiri. Nzeru za munthu wogulitsa batala zimenezo.

Caldor anayenda nazo m'nyumba zogulitsira zojambula mumzinda wa New York, koma ambiri ankabwerera m'mbuyo akamva zaka za wojambulayo. Ndani angaike ndalama zake pa munthu wa zaka 78? Amwalira mawa, ankaganiza choncho. Mu 1939 zithunzi zitatu zinalowa m'chionetsero cha ojambula osadziwika ku Museum of Modern Art, koma sizinapange phokoso. Amene anawakhulupirira anali Otto Kallir, wogulitsa zojambula yemwe anathawa ku Vienna chipani cha Nazi chitalanda dziko la Austria. Mu Okutobala 1940, ku Galerie St. Etienne, Kallir anakonza chionetsero chawo choyamba. Dzina la chionetserocho linali What a Farm Wife Painted, kutanthauza zomwe mkazi wa pafamu anapenta. Taonani, ngakhale dzina lawo silinali pamutu.

Mwezi wotsatira sitolo yaikulu ya Gimbels inaonetsa zithunzizo n'kuitana agogowa kuti adzalankhule. Anthu ankayembekezera kumva za luso. Iwo anabwera ndi buledi ndi jamu wa kunyumba, n'kuyamba kufotokoza za jamuyo. Atolankhani anakomedwa, ndipo dzina loti Grandma Moses, lomwe kwawo ankawatchula kale, linafalikira dziko lonse.

Aja ankati amwalira mawa analakwitsa masamu. Agogo Moses anapentabe zaka zina zoposa 20, ndipo anasiya zithunzi zoposa 1,500. Kampani ya Hallmark inasindikiza zithunzi zawo pa makadi a Khirisimasi omwe anagulidwa mamiliyoni. Mu 1949 Pulezidenti Harry Truman anawapatsa mphoto ya bungwe la atolankhani achizimayi. Mu 1952 anatulutsa buku la mbiri yawo, My Life's History, ndipo mu 1953 nkhope yawo inali pachikuto cha magazini ya Time. Atakwanitsa zaka 100 mu 1960, bwanamkubwa wa New York, Nelson Rockefeller, analengeza kuti tsikulo ndi la Agogo Moses. Anamwalira pa 13 Disembala 1961 ali ndi zaka 101. Mu 2006 chithunzi chawo chotchedwa Sugaring Off chinagulidwa pa mtengo woposa madola 1 miliyoni.

Kodi ankajambula chiyani?

Mukafufuza zithunzi zawo pa intaneti muona chinthu chimodzi msanga: anthu ake ndi ang'onoang'ono, ambiri, ndipo aliyense ali pa ntchito. Mu Sugaring Off, mudzi wonse uli m'nkhalango nthawi yozizira. Ena akuboola mitengo ya maple kuti mutuluke madzi otsekemera, ena akunyamula ndowa, ena akusonkhezera moto pansi pa mapoto akuluakulu momwe madziwo akuwira kuti asanduke manyuchi ndi shuga, ana akuthamangathamanga. Mu The Quilting Bee amayi azungulira bulangeti la zigamba akusoka pamodzi, kwinaku chakudya chikukonzedwa. Palinso zithunzi za tsiku lochapa, za kupanga sopo ndi makandulo, za kuthamangitsa nkhukundembo yophera phwando. Nyumba ina ya alendo ya ku Cambridge yopakidwa mabokosi ofiira ndi oyera, yomwe inapsa mu 1907, anaijambula kambirimbiri kuchokera m'mutu.

Pafupifupi zonsezi zinali zitatha kale pomwe ankazipenta. Sopo anali atayamba kugulidwa m'sitolo, thirakitala inali italowa m'malo mwa hatchi, achinyamata anali atapita m'mizinda. Adzukulu awo anakula ndi magetsi ndi wailesi. Ndiye zithunzizi ine ndimaziona ngati nthano za agogo, zija zokamba madzulo, kungoti zokambidwa ndi penti: umu ndi mmene tinkachitira, uyu ankaima apa, moto tinkasonkha chonchi.

Koma tisawapake mafuta mopitirira. Akatswiri ambiri a nthawi yawo, yomwe inalinso nthawi ya Jackson Pollock ndi anzake openta zinthu zosaoneka mutu wake, ankati zithunzi za agogowa n'zongokometsera makadi. Pena anali ndi mfundo. M'zithunzimo mathirakitala ndi mapolo a telefoni sapezekapezeka. Manda a ana asanu aja mulibe, chifuwa chachikulu mulibe, kutopa kwa mtsikana wa zaka 12 wochapa zovala za eni mulibe. Anthu a ku America, atangotuluka mu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndipo akuopa bomba la nyukiliya, ankafuna dziko lakale lopanda mabala, ndipo anagula zimenezo. Ngakhale boma lawo linaona phindu lake: mu 1950 linathandiza kuti zithunzizi zikaonetsedwe m'mayiko a ku Ulaya, anthu akaone America wamtendere.

Komabe ine sindinganene kuti agogowa ankanama. Mavuto ankawadziwa kuposa ambiri mwa omwe ankawadzudzula. Anangosankha choti asiyire ana. Gogo aliyense amatero: pali zimene amakamba pamoto, pali zimene amapita nazo kumanda. Wowerenga mbiri ayenera kudziwa zonse ziwiri, chimene chajambulidwa ndi chimene chasiyidwa.

Luso lija silinathere pa iwo. Mwana wawo Forrest anayamba kupenta atakula, ndipo mdzukulu wa Forrest, Will Moses, ndi wojambula wodziwika yemwe amagwirira ntchito ku Eagle Bridge komweko. Zithunzi zambiri za agogowa zimasungidwa ku Bennington Museum, m'tauni yomwe ija anadwazikiramo mwana wawo.

Chimene chimandisowetsa mtendere

Chotsani Louis Caldor m'nkhaniyi. Tinene kuti tsiku limenelo anadzera msewu wina. Agogo Moses akanakhalabe yemweyo, zithunzi zikanakhala zomwezo, koma zikanathera pa makoma a adzukulu, zina m'nkhokwe, zina pamoto. Ife sitikanawadziwa. Kodi zikanakhala zopanda pake? Ngati yankho lanu ndi ayi, ndiye kuti mtengo wake sunachokere ku New York. Unalipo kale tsiku lija jamu anawina.

N'chifukwa chake ndimati status ija imatiphunzitsa mbali yolakwika. Imatiuza kuti tiziyembekezera kutchuka ngakhale mochedwa. Koma ambirife vuto lathu si kuchedwa kutchuka. Vuto n'loti ndife oweruza aja a pachionetsero: timalawa ndiwo za agogo n'kuyamikira, koma madoilo omwe analuka ali pampando timangokhalira, mphasa tikupondaponda, mkanda uli m'kachitini sitinafunsepo kuti anauphunzira kwa yani. Tili ndi mafoni a kamera zabwino kuposa zomwe atolankhani a 1940 anali nazo, koma m'mafonimo mulibe chithunzi ngakhale chimodzi cha manja amenewo ali pa ntchito.

Mukapita kumudzi ulendo uno, kapena mukaimba foni Lamlungu, funsani: "Agogo, ichi munapanga liti? Anakuphunzitsani ndani?" Ndipo mukamva kuti zala zayamba kuvuta, musathamangire kunena kuti basi apume. Celestia sananene zimenezo. Anafunafuna chida china chomwe zala za mkulu wake zikanatha kugwira.